Kesa inasowa pa teminolo: za kashopu ka kuseri kwa Kamuzu Road ndi mawu awiri amene anandipulumutsa

Ndakhala ndikufuna kulemba izi kuyambira mwezi watha koma ntchito inachuluka, nde lero alendo ndi ochepa ndati ndikhale pansi. Ndi za kashopu kena kokonza makompyuta ndi mafoni ku Salima kuno, cha ku Kamuzu Road, kuseri kwa mashopu aja ogulitsa zitenje ndi ndowa zapulasitiki. Dzina sinditchula, chifukwa chikwangwani chake chomwe chinafufutika ndi dzuwa, chimene chikuoneka ndi chithunzi cha laputopu basi, komanso eni ake ndi munthu wamanyazi sanandiuze kuti ndiwalengeze. Koma a kabaza a pamenepo mukawauza kuti kwa achimwene a makompyuta aja osalankhulalankhula amakusiyani pakhomo penipeni.

Ine ndimagwira ntchito pa loji ina ku Senga Bay, ndimasunga mabuku a alendo, amene walipira, amene wasungitsa chipinda, zonse zija. Kale zinali za m'kaundula wa hadikava koma mwana wa achemwali anga amene anaphunzira zamakompyuta anatikonzera kapulogalamu, kamakhala pa seva ina, kompyuta ya kutali imene timaifikira pa intaneti, yoyendera Ubuntu, mtundu wina wa Linux, m'malo mwa Windows, ife timangolowa pa laputopu. Zambiri ndimachita pa bulauza ngati mmene mumatsegulira Facebook, koma Lachisanu lililonse anandiuza kuti ndizitsegula PuTTY, kawindo kakuda bii kaja kopanda chithunzi olo chimodzi kamene amati teminolo, ndilembe dzina ndi pasiwedi, kenako ndilembe mzere umodzi woti ipange bakapu, kope ya zonse yosunga padera. Anandilembera pa pepala ndinamata pakhoma. Iyeyo pano ali ku Johannesburg, WhatsApp amayankha akafuna, nthawi zina patatha masabata awiri.

Nde Lachisanu lina mu Okutobala, kutentha kuja koti ngakhale mphepo ya kunyanja imabwera ngati yachokera mu uvuni, ndinayambitsa bakapu ija. Imaonetsa kamzere koyenda pang'onopang'ono kusonyeza pamene yafika. Inafika pakati n'kuima. Ndinadikira, ndinakatunga madzi, kubwera ili pompo, alendo awiri aima pa kauntala akufuna risiti, ine mtima m'mwamba nde ndinadina Ctrl ndi C monga mmene mwana uja anandiuzira kuti chinthu chikakanirira uzidina zimenezo. Inaimadi. Koma kabokosi kobiriwira kaja kamene kamakhala kutsogolo kwa zimene ukulemba, kesa, kanangoti zii. Kulemba zilembo zikutuluka bwinobwino, koma sukuona pamene uli. Ukalakwitsa chilembo n'kufuna kubwerera m'mbuyo ndi batani la muvi, ukungoyenda mumdima, ukufufuta chilembo cholakwika, kulemba china pakati pa mawu ena. Munthu amene sanagwirepo teminolo aziti nanga vuto lili pati, zilembo si zikuoneka? Tayesani kusoka ndi singano yoti nsonga yake simukuiona. Ndipo ine pa windo limeneli ndimaopa, anandiuza kuti chilembo chimodzi cholakwika chitha kufufuta zinthu za chaka chonse.

Ndinatseka PuTTY n'kutsegulanso. Polemba dzina kesa ilipo bwinobwino, ndikangolowa, yasowa. Ndinazimitsa laputopu yonse, chimodzimodzi. Ndinabwereka laputopu ya abwana, imene ili ndi PuTTY yakenso, chimodzimodzi! Apa mpomwe mutu unaima, chifukwa ngati vuto lili mu laputopu yanga lafika bwanji mu ya abwana, ndinayamba kuganiza za vairasi, kuti mwina ndawapatsiranso.

Loweruka m'mawa ndinakwera Sienta kupita ku tauni, makilomita pafupifupi 20 aja, laputopu m'chikwama pamiyendo, pambali panga amayi ena ndi beseni la usipa. Ndisananene za shopu imene ndikuiyamikirayi ndinene kaye za imene ndinayambira, iyonso sinditchula. Ndi yooneka bwino, magalasi, matailosi, fani ikuzungulira. Mnyamata wa pamenepo sanandilole n'komwe kumaliza kufotokoza, anangomva mawu oti kesa basi watenga mausi yatsopano m'katoni akuti gulani iyi amayi. Ndati ayi si kamuvi ka mausi, ndi ka mkati mwa windo lakudali. Anayang'ana windo lija ngati akuona njoka, kenako akuti Windows yanu yadwala, tifomate tiike ina, mubwere Lolemba, ndipo mwina sikirini nayonso ikutha. Sikirini ikutha bwanji malo amodzi okhawo okwana njere ya mpunga, malo akenso oyendayenda? Ndinatseka laputopu yanga bwinobwino n'kuthokoza. Kufomata ndi mankhwala a chilichonse m'mashopu ambiri, mutu panado, mwendo panado.

Wa kabaza amene ananditenga pamenepo ndi amene anati amayi tiyeni ndikakusiyeni kwa achimwene ena ake, amachedwa koma amadziwa.

Kashopu kake ndi kakang'ono zedi, tebulo limodzi lalitali, mafoni otsegulidwa mimba ali ndandanda aliyense ndi kapepala ka dzina, fungo la waya wowotcha lija, khoma lonse machaja atapachikidwa ngati nsomba zoyanika. Mpando wa kasitomala ndi umodzi ndipo ndinapeza pakhala bambo ena odikira foni, nde ndinaima pafupifupi mphindi 40, denga la malata lopanda siling'i, thukuta kamukamu. Ichi ndinene mosabisa, ngati muli ndi vuto la miyendo kapena mwabereka mwana, pamalopa mpovuta. Pafupi pomwepo pali wina woika nyimbo m'mamemore, sipika yake imalira kuyambira m'mawa, moti polankhula umachita kukuwa.

Itafika nthawi yanga achimwene aja anapukuta manja n'kufunsa funso limene winayo sanafunse: "Amayi, kesa yake iti? Kamuvi koyenda ndi mausi, kapena kamene kamakhala pamene mukulemba?" Ndinangomva mtima kukhala pansi. Anati amafunsa dala chifukwa anthu ambiri obwera ndi dandaulo loti kesa ikusowa amanena kamuvi, ndipo kawirikawiri sikuti kawonongeka, ndi Windows imene imakabisa ukamalemba, muli kabokosi mu Mouse Properties pa Pointer Options kolembedwa Hide pointer while typing, ukachotsa chizindikiro pamenepo basi nkhani yatha. PuTTY nayonso ili ndi kake kotero pa Window kenako Appearance. Ndati ayi, yanga ndi inayo. Anati chabwino tsegulani ndione, inuyo ndi amene mugwire, ine ndizingoyang'ana.

Analumikiza laputopu ku intaneti ya pa foni yawo, bandulo yawo, sanandilipiritse padera. Pofika polemba pasiwedi anatembenuka n'kuyang'ana kukhoma mpaka ndinati ndamaliza. Kanthu kakang'ono koma ine ndinakaona, chifukwa mu seva imeneyi muli maina ndi manambala a alendo athu, si zoti aliyense azidziwa khomo lake. Ndinawauza kuti ngakhale polemba pasiwedi sipaoneka kanthu, anati zimenezo nde zabwinobwino, Linux sionetsa olo nyenyezi polemba pasiwedi, musadandaule nazo.

Titalowa, kesa zii monga mwa masiku onse. Iwo sanayang'ane n'komwe pamene ine ndimaloza, anayang'ana pansi pa windo pamene pali kamzere kobiriwira kopingasa, kamene ine ndakhala ndikukaona chaka chonse osadziwa ntchito yake, ndimayesa ndi kokongoletsa. Anaseka pang'ono n'kuti, "Amene anakukonzerani uja ndi wochenjera, anakuikirani tmux." Kenako anafunsa kuti chomaliza chimene ndinachita kesa isanasowe n'chiyani. Ndinafotokoza za bakapu ndi Ctrl C ija, ndikuchita manyazi ngati mwana woswa mbale. Anati lembani izi, mwa zilembo zing'onozing'ono:

tput cnorm

Ndinalemba, kudina Enter. Kabokosi kobiriwira kaja gwa, kabwerera pamalo pake ngati sikanachokepo. Ndinangoti kakasi. Ulendo wonse uja, Sienta, usipa, kabaza, kutsala pang'ono kufomatitsa laputopu, mawu awiri okha. Bambo aja anali pa mpando anaseka mpaka kutsokomola.

Apa nde mpamene ndikuyamikira kwenikweni, chifukwa munthu wina akanalandira ndalama n'kundisiya ndizipita, sabata yamawa ndibwerenso ndi vuto lomwelo adyenso. Iwowa anati amayi muli ndi nthawi? Ndikuuzeni chimene chinachitika kuti musadzakwerenso galimoto chifukwa cha zimenezi. Ndiyesa kubwereza mmene ndinamvera, a makompyuta mukonza pamene ndapotoza.

Akuti windo lakudali palokha silidziwa kanthu, ntchito yake ndi kuonetsa zimene seva yatumiza basi. Limatsanzira makina akale amene anali sikirini ndi kibodi yokha, opanda ubongo, olumikizidwa ndi waya ku kompyuta yaikulu ili chipinda china. Kampani ina ya ku America, Digital Equipment Corporation, inatulutsa otchuka kwambiri, VT100 mu 1978 kenako VT220 mu 1983, ndipo mpaka lero mateminolo a pa laputopu zathuzi amamvabe chilankhulo cha makina amenewo. M'chilankhulocho muli timalamulo tobisika timene pulogalamu imatumiza pamodzi ndi zilembo wamba, iwe sutiona, koma windo limatimva: apa lemba mofiira, apa pita pamwamba, apa fufuta mzere. Ndipo pali kalamulo koti bisa kesa, ndi kena koti ionetse. Anandilembera pa kapepala, kobisa kamathera ndi 25l, koonetsa kamathera ndi 25h, ndipo anatsindika kuti ameneyo ndi l wa mu liwu loti lero, osati nambala 1, poti pa sikirini zimafanana.

Nde mapulogalamu ambiri amene amajambula zinthu zoyenda pa teminolo, monga kamzere ka bakapu kaja kapena htop imene imaonetsa mmene kompyuta ikugwirira ntchito, amayamba ndi kubisa kesa kuti isamadumphedumphe pa sikirini n'kumasokoneza maso. Akamaliza amaibwezera. Koma ukaidula pakati pulogalamu yoti mwini wake sanaganizire zodulidwa, imafa isanafike pa mzere wobwezera uja. Anapereka chitsanzo choti munthu wabwereka sefa n'kuibisa kuseri kwa chitseko kuti ana asaseweretse, kenako wamwalira mwadzidzidzi asananene pamene anaika, sefa ili m'nyumba momwemo koma mukusefa ufa ndi chitenje. Chitsanzo chake choopsa koma ndinamva kkkk.

Ine ndinafunsa chimene chinandizunguza kwambiri, kuti nanga bwanji nditazimitsa laputopu sinabwerere, mpaka pa laputopu ya abwana? Anati pa teminolo wamba kutseka windo n'kutsegula lina kumathetsa vutoli, chifukwa windo latsopano limayamba ndi kesa yake. Koma mwana wa achemwali anga anakonza zoti ndikangolowa ndizigwera mu tmux, imene ndi pulogalamu yokhala ku seva konko yosunga ntchito yako mmene unaisiyira. Anachita dala chifukwa cha netiweki yathu yodukadukayi, kuti ikaduka bakapu ili pakati isafe, ipitirire yokha, iwe ukalowanso uipeze. Nde tmux imakumbukira zonse, ndi zoti kesa inabisidwa zomwe, moti ulowere pa laputopu iliyonse, olo ya ku Lilongwe, imauza windo lako kuti bisa kesa, mmene zinalili. Ndiye kuti vuto silinali mu laputopu olo pang'ono. Akanafomata anyamata aja, Lolemba ndikanapeza Windows yatsopano, mafayilo anga atapita, kesa ili yosowabe. Ndikaganiza zimenezi mpaka pano ndimamva kutentha m'mutu.

Ndipo sindikuinena tmux kapena PuTTY ayi, zonsezi zinachita zimene zinauzidwa. PuTTY ndi yaulere, analemba ndi Simon Tatham wa ku Britain, yakhalapo kuyambira cha mu 1999, ndi yopepuka moti pa laputopu yanga yokalambayi imatseguka nthawi yomweyo pamene bulauza imayamba yaganiza kaye. Wolakwa ndi mwana wa achemwali anga ndi kasikiripiti kake, kafayilo ka malamulo kamene kamapanga bakapu, ndi ine ndi kupupuluma kwanga.

Kenako anapempha chilolezo kuti aone sikiripiti ya bakapuyo. Anapempha, sanangotsegula. Anaionetsa pa sikirini, ndi yaifupi, mizere yosakwana 30, ndipo anandilozera ndi kapensulo: pamwamba pali tput civis, imeneyo ndi yobisa, pansi penipeni pali tput cnorm, yobwezera. Pakati ponsepo ukadula, basi yapita. Anati pali mzere umodzi woti tikauika pamwamba, sikiripiti izibwezera kesa potuluka, kaya yamaliza bwino kaya mwaidula ndi Ctrl C:

trap 'tput cnorm' EXIT

Asanasinthe kanthu anakopera kaye fayilo ija n'kuipatsa dzina lina lothera ndi .kale, akuti mwini wake akadzakwiya mudzangobwezera yakeyo. Anaika mzere uja, tinayambitsa bakapu, anandiuza kuti dulani dala. Dzanja langa linanjenjemera koma ndinadula. Kesa ili pompo, phee. Tinayesa kawiri. Anandichenjeza kuti msampha umenewu wa trap sugwira chilichonse, pulogalamu ikaphedwa ndi lamulo la kill -9 siipatsidwa mpata olo wotsanzika, nde zikatero mubwerere ku tput cnorm yanu ija. Ineyo kill -9 sindinaigwirepo ndipo sindikufuna.

Za chimene bakapu inaimira pakati tsiku lija anati mwina sinaime n'komwe, imakopera fayilo yaikulu ya zithunzi za ziphaso ndipo kamzere kamayenda fayilo ikatha, osati ili mkati. Tinaisiya iyende pamene ankathandiza mtsikana wina wa foni yogwera m'madzi, ndipo inamalizadi yokha patapita kanthawi. Ndiye kuti ndikanangodekha Lachisanu lija bwenzi zonsezi kulibe.

Kapepala kamene anandilembera ndili nako, ndinakamata pansi pa kibodi ndi selotepi. Pali tput cnorm pamwamba. Pansi pake pali ina yoti ikakana yoyambayo, chifukwa akuti tput imadalira kuti seva idziwe mtundu wa teminolo yako kudzera pa chinthu chotchedwa TERM, ndipo chimenecho chikasokonekera tput imangodandaula osachita kanthu, nde umatumiza kalamulo kaja mwachindunji:

printf '\033[?25h'

033 ameneyo akuti ndi batani la Esc polilemba m'manambala. Kenako pali reset, imene ndi ya pamene zinthu zasokonekera zedi, monga ukatsegula mwangozi fayilo ya chithunzi pa teminolo n'kuyamba kutuluka zilembo zachilendo ngati za asing'anga, koma imafufuta zonse zimene zinali pa sikirini nde ngati pali uthenga wofunika uyambe waujambula ndi foni. Pali stty sane ya pamene ukulemba koma zilembo sizikuoneka, limene ndi vuto lina losiyana ndi langa ngakhale anthu amazisakaniza, ndipo anawonjezera kuti Enter akakana kugwira pa nthawi ngati imeneyo udine Ctrl ndi J m'malo mwake. Chomaliza analemba mwa zilembo zikuluzikulu: windo likauma osayankha chilichonse dinani Ctrl ndi Q musanachite mantha. Akuti anthu ozolowera Word dzanja limathamangira Ctrl S kuti asunge ntchito, koma pa teminolo Ctrl S imaimitsa zotuluka pa sikirini, Ctrl Q ndi imene imamasula. Ichi chinandichitikiradi patangotha masiku anayi, ndinayang'ana kapepala, kudina, zonse zimene ndinalemba zinangokhuthuka kamodzi. Ndinaseka ndekha mu ofesi mpaka wa kukhitchini anasuzumira.

Chinanso chimene anandichitira, ndinadandaula kuti ofesi yathu imayang'ana kunyanja ndipo m'mawa dzuwa likamatuluka limamenya pa sikirini moti ngakhale kesa ilipo ndimachita kuisaka. Anandionetsa mu PuTTY pa Window, Appearance, kuti kesa ili mitundu itatu, Block, Underline ndi Vertical line, anati siyani pa Block yonenepayo ndipo ikani chizindikiro pa Cursor blinks kuti iziphethira. Pa Colours pali Cursor Colour, tinasintha kuchoka kobiriwira kupita kwachikasu chowala. Anandiuza nkhani ya kasitomala wina amene anasintha windo lake kukhala loyera kenako kesa nayonso n'kuiika yoyera, anabwera akuti yasowa pamene ili pomwepo ngati ufa pa nsalu yoyera, kwa ameneyo tput cnorm singathandize olo ulembe ka 100. Ndipo apa pali msampha wa PuTTY umene ukanandigwira: ukasintha zimenezi uyenera kubwerera pa Session, kusankha dzina la seva yako n'kudina Save, apo ayi ukatseka windo zonse zabwerera mwakale. Anandichititsa ndekha kawiri mpaka ndinagwira.

Anatchulanso Windows Terminal ya Microsoft, akuti ndi yabwino ndipo imatha kulowa pa seva popanda PuTTY, kesa yake umasankhanso maonekedwe ndi mtundu, koma anati poti munazolowera iyi ndipo ikugwira ntchito musasinthe chifukwa cha ine. Zimenezi zinandisangalatsa, sanafune kundiunjikira zatsopano kuti aoneke odziwa.

Tsopano mtengo. Nditafunsa anakanda m'mutu n'kuti amayi palibe chimene ndamasula, mungopereka ya bandulo ndi ya Fanta. Ndinakakamira kuti atchule, anati K3,000. Ndinapereka K5,000 chifukwa anakhala nane kupitirira ola, ndipo Sienta yokha kupita ndi kubwera inadya zambiri kuposa zimene iwo anatchula. Koma apa ndili ndi dandaulo: risiti alibe. Ine ndalamayo ndimayenera kukabweza ku ofesi ndi umboni, nde anachita kung'amba pepala la mu kope n'kulemba ndi bolopeni, kusaina, popanda chidindo. Abwana anga analiyang'ana pepala lija nthawi yaitali asanandibwezere. Achimwene, ngati muwerenga izi, kabuku ka marisiti sikodula, anthu a m'maofesi tikanamabwera ambiri.

Dandaulo lina ndi nthawi. Ndinapitanso kachiwiri patatha masabata atatu chifukwa cha hinji ya laputopu imene ikulira ngati chitseko cha bafa, ndinafika 8 koloko m'mawa, potseka. Wa nyimbo uja akuti amabwera akabwera. Anafika cha m'ma 10, akuti anaitanidwa ku Chipoka dzulo lake kukakonza pulinta n'kugona konko. Palibe nambala pa chitseko, palibe kapepala konena kuti ndachoka ndibwera nthawi yakuti. Kwa ife ochokera kutali ngati Senga Bay kapena Khombedza zimenezi zimapweteka, nde langizo langa mukapita koyamba tengani nambala yawo, muziyamba mwaimba. Komanso zipangizo sasunga zambiri, hinjiyo anati mpaka aitanitse ku Lilongwe, sabata imodzi kapena iwiri, ndipo anandiuziratu kuti ikhala yochotsa pa laputopu ina yakufa osati yatsopano. Sanabise, koma ngati mukufuna chinthu cha lero lomwe mwina mukhumudwa. Ndipo ndi munthu mmodzi, alibe wothandiza, akakhala pa foni ya wina ndiye kuti nonse mudikire, sathamanga olo mzere utafika panja.

Kwa amene muli ndi vuto la mapulogalamu, makamaka zinthu za Linux, ma seva, windo lakuda lija limene ambiri amaliopa, ine pa Salima pano sindinaone wina woposa iwowa, ngakhale sindinganene kuti ndinayenda mashopu onse, ndinayenda awiri. Kwa amene mukufuna mausi, chaja kapena kava ya foni mwachangu pitani ku mashopu a magalasi aja, zimenezo ali nazo zambiri ndipo kuli fani. Pa nyenyezi zisanu ndiwapatsa zinayi, imodzi ndachotsa chifukwa cha risiti, mpando ndi 8 koloko ija.

Mwana wa achemwali anga anayankha patatha masiku 11. Ndinali nditamutumizira mavoisi asanu ndi chithunzi cha sikirini. Anangolemba kuti "kkkk pepani anti ndinaiwala trap, amene wakonzayo ndi dolo, fayilo ya .kale ija fufutani." Sindinafufute, ili pomwepo. Hinji akuti yafika dzulo, ndipita Loweruka, ndayamba ndaimba ndipo ndanyamula kampando kanga kopinda ka ku loji.